Agwape a Abwana ndi Botolo la Sanitaiza

Mwenda ndinamubweretsa ndekha pafamupo, ndipo ndicho chimandiwawa mpaka lero. Hotela yomwe ankasamalirako maluwa ku Festival City itatsekedwa chifukwa cha korona, ndinamupeza ku Bur Dubai akugona m'kachipinda ka anthu asanu ndi atatu, viza ili pafupi kutha. Anali Mzambiya wa ku Chipata, ine Mmalawi wa ku Dowa, tinkamvana chilankhulo. Ndinamumvera chisoni n'kumupemphera ntchito kwa abwana anga, amene ndinali nditawayendetsa pagalimoto zaka zisanu ndi ziwiri.

Abwanawo anali ndi famu yotchingidwa ndi waya m'chipululu, ulendo wa ola limodzi kuchoka m'tauni, momwe ankawetamo agwape ogula. Chaka chilichonse ankapita kunja kukasaka nyama, koma chaka chimenecho ndege zinaima, ndiye mtima wonse unatembenukira kwa agwape awo. Vuto linali lakuti tinyamato tinkathawira kutali kumilu ya mchenga. Ine ndinkatithirira udzu wobiriwira wogula m'mabelo pafupi ndi kamsasa kobisaliramo, koma udzuwo unkangouma.

Mwenda sanathe sabata asanapeze njira. Anazungulira famu yonse wapansi, akuwerama ngati wataya singano, kenako anabwera ndi nyemba zazitali zogwa mumtengo womwe kuno amautcha gafu. Anati zikufanana ndi za msangu zomwe nyama zimalimbirana kwawo, ndipo pansi pa mitengoyo ndi pomwe panali mapazi ndi ndowe zambiri. Anatola thumba lathunthu, nazisakaniza ndi kamchere pang'ono, nazimwaza kumene mphepo siyingatengere fungo la munthu. Asanazigwire ankayamba watikita manja mumchenga. Anandiuza kuti gwape amakhulupirira mphuno yake kuposa maso, ndipo sanitaiza amene tinkapaka tsiku lonse amamumva ali kutali.

Tsiku lachitatu agwape asanu anabwera. Abwana anaona pavidiyo ya pafoni n'kuyamba kumutcha Mwenda habibi, kutanthauza wokondedwa m'Chiarabu. Ine Stephano zaka zonsezo dzina langa linali draiva basi. Anamugulira nsapato za jombo, anayamba kumukhazika kutsogolo m'galimoto, ine ndikuwongolera ngati waganyu. Ndinachita nsanje, sindibisa. Munthu ndam'tola ndekha, lero akuwafotokozera abwana za mphepo, iwo akugwedeza mutu ngati ali m'kalasi.

Kenako abwana anatiuza kuti malonda awo agwa, ndipo mwezi ukatha asunga mmodzi yekha mwa ife. Sanafunike kutchula dzina. Galimoto sinkayenda kawirikawiri masiku amenewo, ndipo Mwenda naye ankadziwa kuyendetsa. Ine kwathu ndili ndi ana atatu pasukulu, ndipo kubwerera ku Dowa chimanjamanja pakati pa mliri ndinkakuona ngati imfa.

Abwana anaitana achimwene awo awiri kuti adzasake Lachisanu. Lachinayi masana Mwenda anamwaza nyemba zake bwinobwino, napita kukakonza mpope wothirira. Ine ndinatenga botolo lalikulu la sanitaiza la m'galimoto, lija lonunkhira mandimu, n'kupita kumsasa. Ndinawaza panyemba, pamchenga, patsinde la mtengo, mpaka botolo linapepuka. Pobwerera ndinafufuta mapazi anga ndi nthambi, ndipo mtima wanga unali mbee, ndisaname.

M'mawa mwake tinakhala mumsasamo maola atatu, aliyense ali ndi masiki kukamwa, mfuti zili pamiyendo. Agwape anatulukira pamwamba pa mulu wa mchenga, anaima, ananunkhiza, natembenuka. Achimwene a abwana anayamba kuseka m'chilankhulo chawo, ndipo nkhope ya abwana inada. Munthu wolemera amapirira zambiri, koma osati kusekedwa ndi abale ake.

Mwenda anapita pamtengo paja, anatola nyemba imodzi, anatsitsa masiki n'kuinunkhiza. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Ine ndinali kalikiliki kupukuta galasi la galimoto lomwe linali loyera kale. Abwana atamufunsa chomwe chachitika, anayankha kuti walakwitsa ndi iyeyo, mwina sanasambe bwino m'manja.

"Khalas, basi zatha," anatero abwana. "Longedza katundu wako. Draiva akakutula."

Njira yonse yopita ku Bur Dubai anakhala kumbuyo, chikwama pamiyendo, jombo zija atazisiya pakhomo la famu. Ine ndinkayembekezera kuti anditukwane kuti nane ndipeze poyambira, koma iye ankangoyang'ana misewu yopanda anthu. Titafika pansi pa nyumba ija ndinamutengamo, anatsika n'kuweramira pawindo.

"Ba Stephano, paja pamtengo musakayikeponso nyemba, nyama sizizabwera manje. Sakilani wina kumadzulo kwa mpope. Na mchere musachulukitse."

Anakwera masitepe osacheuka.

Nditabwerera ndinapeza abwana mkwiyo utaphwa, akumwa tiyi pakhonde. Anandiuza kuti ntchito ndi yanga, kenako anawonjezera mongocheza kuti mnzanga uja anali wachilendo. Lachitatu Mwenda anawapempha kuti atisunge tonse awiri, akuti kutola nyemba ndi kuyang'anira mphepo si ntchito ya munthu mmodzi, ndiponso sangadye pamalo pa munthu amene anamubweretsa. Iwo anavomera kuti agwape akabwera Lachisanu, tonse tikhala.

"Koma sanabwere," anatero abwana, akutambasula manja. "Yalla, tiye, katsuke galimoto."

Ndinakatsuka. Ndikanakonda kunena kuti chinandigwira pamenepo ndi chisoni chokha, koma likhala bodza. Ndinaima ndi paipi m'manja, madzi akutayikira mumchenga, ndikupsa mtima kuti munthu ameneyu anandiposa pa agwape, anandiposa pamaso pa abwana, ndipo tsopano wandiposanso pa umunthu, pomwe sindingathe n'komwe kumuwazira kanthu.