Satifiketi ya a Makiyi

Ku ofesi kwathu maphunziro sankatsatira ntchito ya munthu. Ankatsatira mndandanda womwe unamatidwa kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Dzina lako likafika pamwamba, unkapita, kaya akuphunzitsa zozimitsa moto, kaya zolemba malipoti. Bwana ankati chimenecho ndiye chilungamo, aliyense akapumeko mpweya wa kuhotela. Ndiye kampani ya mabasi itatipatsa ntchito yopanga pulogalamu yogulira matikiti, n'kunena kuti ilembedwe m'chinenero chatsopano cha makompyuta chomwe umalemba kamodzi n'kumayenda pafoni ndi pakompyuta pomwe, amene anapita kukachiphunzira anali a Makiyi, osunga katundu.

Ine ndinali pansi penipeni pa mndandandawo. Ndinalowa ndi digiri yanga ya zamakompyuta pa kontilakiti ya miyezi isanu ndi umodzi, ndipo inali itatsala itatu. Anandilonjeza kuti akakhutira nane adzandilemba ntchito yokhazikika ya wopanga mapulogalamu. Ndinapita kukawakumbutsa Bwana mwaulemu kuti wolemba pulogalamu ya mabasiyo ndine. Anandiyankha kuti ndikadali mwana, mutu wanga sunaume, ndidzatolera kwa a Makiyi akabwerako.

Anabwerako patatha milungu iwiri ndi chikwama chatsopano, chipewa, satifiketi ndi makope atatu. Kompyuta imene anawapatsa kumaphunziroko sanaiyatse, poopa kuwononga katundu wa eni. M'malo mwake anakopera pamanja chilichonse chimene mphunzitsi anaonetsa pakhoma, ndi zilembo zawo zoongoka zija za pamakadi a katundu. Pomwe mphunzitsi analakwitsa n'kukonza, iwo anakopera cholakwikacho, n'kuchikhwatcha ndi rula, n'kulemba cholondola pambali.

"Mwananga, ine sindinatolepo kanthu," anatero akundipatsa makopewo ndi manja awiri. "Koma sindinasiye ngakhale kadontho."

Sankanama. Ndinaphunzira kuchokera m'makope amenewo, n'kumaonjezera ndi mavidiyo nthawi ya nkhomaliro, anzanga akatuluka intaneti n'kupepuka. Mlungu woyamba chinenerocho chinandizunguza. Chinenero chomwe tinaphunzira kukoleji chinkakulola kusiya malo opanda kanthu, pulogalamu n'kudzakuchititsa manyazi pamaso pa kasitomala. Ichi chinkakana kuyenda mpaka utanena chochita ngati wokwera basi sanalembe nambala yake ya foni. Chinandikanira masiku atatu. Chilichonse chooneka pafoni chinali bokosi, m'kati mwa bokosi, m'kati mwa linanso, moti ndinkawerenga mabulaketi otsekera mabokosiwo ndi chala ngati mwana wa sitandade wani. Mipando ya basi itakhala bwino pafoni, pakompyuta inatambasuka ngati mabenchi a kuchipatala. Ndinaikonza. Pofika mwezi wachitatu, munthu ankasankha mpando pafoni, mpandowo n'kufiira nthawi yomweyo pakompyuta ya wogulitsa matikiti.

Kutatsala tsiku limodzi kuti tikaonetse ntchitoyo, Bwana anandiitana. Anati pangano lathu ndi a mabasi likufuna kuti wotsogolera ntchito akhale ndi satifiketi ya chinenerocho. Choncho oyankhula akhala a Makiyi. Ine ndikhala pambali pawo n'kumadina.

Tsikulo Bwana anawabwereka tayi a Makiyi, n'kuwalembera pepala loti awerenge. Anawerenga bwino, pang'onopang'ono, monga amawerengera katundu wolowa, ine ndikudina. Mayi wochokera kumabasi, wamagalasi okhuthala, anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati mabasi awo atsopano ali ndi chitseko pakati, motero mipando 27 ndi 28 kulibe. Anawafunsa a Makiyi ngati angaichotse pomwepo kuti aone.

A Makiyi anatembenuza pepala lawo. Kuseri kunalibe kanthu.

"Mayi, ine ndimasunga makiyi," anatero. "Funsani mwanayu. Zonsezi ndi manja ake."

Ndinaichotsa mipandoyo mayi aja asanamalize kupukuta magalasi. Bwana anaseka kwambiri, nanena kuti a Makiyi ndi anthu a nthabwala, amakonda kupereka mpata kwa achinyamata. Mayi aja sanaseke, koma ntchito anailandira. Ndinatuluka m'chipindamo ndikuganiza kuti nkhani yanga yatha bwino.

Kontilakiti yanga inkatha Lachisanu la mlungu wotsatira. Tsikulo anandiitana Mayi a Mafomu, omwe amalemba anthu ntchito, n'kundikankhira pepala. Linati ndine wothandizira katswiri wa mapulogalamu, kwa miyezi itatu ina. Katswiriyo anali a Makiyi, ndipo ankayenera kumasainira lipoti langa mlungu uliwonse. Anandifotokozera modekha kuti malamulo amafuna umboni wa luso, ndipo m'fayilo mwanga munalibe. Ndinawakumbutsa kuti dzana lake anali atagula tikiti yopita kwa apongozi awo pa pulogalamu yomweyo, ine ndikuwaonetsa podina.

"Zoona, achemwali, ndipo ndi yabwino," anatero. "Koma foni sindingaiboole n'kuiika m'fayilo."

Ndinafunsa ngati angandiyese mayeso, pano pomwe, pamaso pa aliyense. Anati woyenera kundiyesa ndi amene ali ndi satifiketi. Sankandinyoza. Ankakhulupirira zimene ankanenazo, ndipo n'zimene zinanditentha kwambiri.

Ndimakhala ndi akulu anga, anamwino, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Loweruka m'mawa ndinawauza zonse akusita yunifomu. Sanandinene kuti ndalakwa kukwiya. Anangoti anzanga amene ndinamaliza nawo koleji akuyendabe ndi maenvelopu m'maofesi, nsapato zikutha.

"Saina kaye, ukwiye uli pantchito," anatero.

Ndinaganizira mawu amenewo Loweruka lonse ndi Lamlungu. Miyezi itatu ikatha, adzandikankhiranso pepala lomwelo. Pulogalamu yachiwiri idzakhalanso ya a Makiyi, yachitatunso. Tsiku lokafunsira ntchito kwina, kalata yochokera kuno idzati ndinkathandizira.

Lolemba ndinabweza pepalalo kwa Mayi a Mafomu losasaina. Bwana anatuluka mu ofesi yawo, tiyi ali m'manja. Anati ndikuthamanga magazi, ofesi ili ndi dongosolo lake, ndipo a mabasi atumiza kale zinthu zisanu ndi ziwiri zoti zisinthidwe pofika Lachinayi. Ndinati ndizisintha lero lomwe akalemba papepalapo ntchito imene ndimagwira. Anati akasinthira ine, mawa aliyense adzafuna kusinthiridwa. Anandifunsa ngati ndikuganiza kuti sangapeze wina. Ndinati apeza.

Ndinalemba mapasiwedi onse papepala, ndi malo amene fayilo iliyonse ili, kuti pasadzakhale wonena kuti ndinachoka ndi kanthu. Kompyuta ya ofesi ndinakaibweza kosungira katundu. A Makiyi anaona chaja, anaona mbewa ya kompyutayo, analemba pakhadi. Anati apita okha kwa Bwana kukanena kuti ukatswiriwo sakuufuna. Ndinawauza kuti asadzivute, kwawatsalira chaka chimodzi kuti apume, ndipo wolakwa si iwo.

Panja dzuwa linali pamutu. Ndinaima pansi pa khonde la sitolo ya nsapato n'kuimbira akulu anga. Ndinawauza kuti sindinasaine. Kumbuyo kwawo kunkamveka mawilo a machira a odwala.

"Chabwino," anatero. "Poti wayamba kuweruka msanga, udzere kumsika ugule tomato."