Mlendo Wopemphera Mwakachetechete

Faustina ankapeta mphale pamene mlongo wake Chawezi anatulukira ali wefuwefu.

"Achemwali, bambo munawabweza dzulo aja si venda wa fodya ayi! Achokera ku Kenya, akufunafuna zidzukulu za agogo awo a mpingo wa Abwenzi, amene anadzakwatira kuno ku Simlemba."

"Wadziwa bwanji kuti ndife?"

"Nditawapatsa mbatata, anangoweramitsa mutu, chete, mpaka mbatata kuzizira. Amapemphera choncho ndani kuno, kupatula ife amene tinatengera kwa agogo, mudzi wonse n'kumatiseka?"

Faustina anaseka, misozi ikulengeza m'maso. Anakawapeza bambo aja atakhala pamthunzi wa chigafa cha fodya, nagwada, gaga akadali m'mikono.

"Mwafika kwanu, achimwene. Ndinakubwezani osakupatsani ndi madzi omwe. Chonde, ndikhululukireni."