Pomwe Pikapu ya a Gervazio Inkathimira

Pikapu inayamba kutsokomola atangolowa mumsewu wa tala. Inkakoka n'kusiya, kukoka n'kusiya, ngati ng'ombe yokana goli. Kizito anaponda mafuta, anatsitsa giya, koma atafika pamwamba pa chitunda, pomwe phiri la Dedza limaonekera lonse ndi mitengo yake ya paini, injini inangoti zii. Anailola kutsetsereka mpaka kumbali kwa msewu.

Amayi ake, a Jesinta, anali pampando wapambali, atavala jekete la malemu amuna awo pamwamba pa zovala zakuda. A Gervazio anali ataikidwa m'manda masiku ochepa apitawo, ndipo mawa lake abale ankakumana kudzameta maliro. Mapiritsi a kuthamanga kwa magazi anali atawathera mayiwo, n'chifukwa chake awiriwa ananyamuka ku Kaphuka mmawawo kupita kuchipatala pa boma.

"Ilizenso," anatero a Jesinta osatembenuza khosi. "Ikathime kwina kulikonse, koma osati pano."

Kizito sanafunse chifukwa. Tsidya lina la msewu kunali sitolo yobiriwira ya Habib, mwamuna wa mlongo wake Esitere. Chikwatiwire Esitere ndi Msilamuyo n'kutenga dzina loti Samira, a Jesinta analumbira kuti munthu wa m'nyumba mwawo asadzapondeko. A Gervazio sanayankhe kanthu tsiku limenelo, poti sankatsutsana ndi akazi awo. Pa maliro Esitere anabwera atafunda mpango kumutu, ndipo Kizito yemweyu anamuimitsa pakhomo n'kumuuza kuti m'nyumba mwadzaza. Anakakhala pansi pa mtengo wa mapichesi pamodzi ndi anthu ongodutsa. Za kumeta palibe amene anamuuza.

Kizito anapotoza kiyi. Injini inalira pang'ono n'kuthimanso. Anatsika, anatsegula boneti n'kubisa nkhope m'menemo kuti asaoneke kusitolo. Mawaya a batire anali olimba. Anazula pulagi imodzi, anaipeza yoyera komanso youma. Kasefa ka mafuta kanali mbee, ndipo atagogoda thanki ndi chala inamveka kuti muli petulo wambiri. Chomwe chinamudabwitsa chinali kapaipi kochokera kuthanki, kamene kanali kataphwatalala ngati wina akukayamwa.

Matendawa sanali achilendo. Pikapuyi inali yokalamba moti manambala a makilomita anasiya kalekale kuyenda, koma inkanyamula kwaya ya ku tchalitchi mpaka ku Kabwazi osatsokomola n'kamodzi komwe. Lachinayi lokha, a Gervazio akamapita ndi mbatatesi ku boma, ndi pomwe inkathima panjira, iwo n'kubwerera dzuwa litapendeka. Kizito akanena zoitana makaniko, bambo ake ankangoti yakalamba, aisiye izipumako.

A Jesinta anali ndi yankho lawolawo. Malaya a Lachinayi ankabwera ndi fungo la tiyi wa jinja, yemwe m'nyumba mwawo sankaphikidwa. Madzulo a Lachitatu lomaliza anawauza amuna awo pamaso pa alendo kuti akapereke moni kwa mkazi wawo wa pa msewu. A Gervazio anangokanda kumutu, n'kutuluka kukagwiragwira kumbuyo kwa pikapu. Kutacha sanadzuke.

Chitseko cha sitolo chinatseguka. Kamtsikana kanatuluka kakuthamanga, katanyamula sipanala ndi manja awiri, ndipo Habib anakagwira dzanja n'kukawolotsa msewu.

"Agogo abwera!"

Kanafika pachitseko cha pikapu n'kunyanyamphira. Kanaona jekete, kenako nkhope yachilendo pamwamba pake. Kanayang'ana jeketelo kwa nthawi, n'kufunsa kuti eni ake awasiya kuti.

Habib anapereka moni kwa apongozi ake ataima patali, manja atawagwirizira pachifuwa. Kumbuyo kwake kunkabwera Esitere. Anagwada m'mphepete mwa tala, anapereka moni kwa amayi ake, ndipo atapanda kuyankhidwa anadzuka n'kupita kwa Kizito.

"Achimwene, tsekani boneti. Vuto silili kumeneko."

Anazungulira kumbali kwa pikapu n'kumasula chivindikiro cha thanki. Panamveka mpweya ukulowa, utaliutali, ngati munthu wotopa amene wausa moyo atatula katundu. Kapaipi kaja kanafufuma pang'onopang'ono. Esitere anaika chivindikirocho m'manja mwa Kizito n'kumulozera pakati pake. Panali kabowo kakang'ono ngati ka singano, katamatidwa ndi phula loyera.

Anafotokoza motsitsa mawu kuti thanki imafunika kupuma. Petulo akamatsika, mpweya uyenera kulowa pakabowopo, apo ayi injini imayamwa mpaka kulephera. Bambo anamata kabowoko ndi phula la kandulo ya Pasaka. Anayesa maulendo angapo mpaka anadziwa muyezo wa petulo wofikitsa pikapu pachitunda chimenechi. Nthawi zina inkathima msanga, pachigayo cha kumunsi, ndipo ankafika wapansi akuseka. Ankasiya boneti ili yasa kuti anthu a ku Kaphuka odutsa pa minibasi aone, iwo n'kulowa m'sitolo kukamwa tiyi, mdzukulu wawo uja, Fadila, ali pamiyendo.

Kizito anafunsa chifukwa chomwe sankangoima n'kudzanena kunyumba kuti galimoto inawonongeka.

"Ankati amayi sangawanamize," anatero Esitere. "Galimoto izifa zenizeni."

Kizito anayang'ana phulalo. Panali chidindo cha chala chachikulu, mizere yake ikuonekabe. Anakumbukira bambo ake akutuluka mwakachetechete madzulo a Lachitatu aja, ndipo anakumbukiranso dzanja lake lomwe litatchinga pakhomo la maliro. Anafuna kumuuza mlongo wake kanthu, koma anangowerama n'kuyamba kufunafuna kawaya pansi.

M'pikapumo a Jesinta anali atapisa dzanja m'thumba la jekete. Chiyambire maliro ankakhudza kanthu kozungulira m'menemo osafuna kukatulutsa, poopa kuti ndi kabotolo ka mafuta odzola a mkazi wina. Tsopano anakatulutsa. Chinali chivindikiro china cha thanki, kabowo kake kali poyera.

Anatsika pang'onopang'ono. Habib anathamangira kusitolo n'kubwera ndi mpando, ndipo posakhalitsa anabweretsanso kapu ya tiyi wa jinja. A Jesinta anailandira ndi manja awiri. Nthunzi itawafika kumaso anatseka maso, ndipo kapuyo inapendeka mpaka tiyi anatayikira pa jekete. Kamtsikana kaja kanapukuta ndi chikhatho chake, monga munthu wozolowera nsalu imeneyo.

A Jesinta anafunsa dzina la mwanayo, ngakhale anali atalimva kale. Anafuna kulimva kuchokera pakamwa pa mwana wawo. Esitere atalitchula, iwo analibwereza chapansipansi.

"Mawa tikumeta," anatero, maso ali m'kapu. "Ubwere ndi mwanayu. Ndi bambo akewa."

Esitere anavomera ndi mutu, n'kukokera mpango kumaso.

Kizito anali atapeza kawaya, ndipo anakalunjikitsa pakabowo kuti achotse phula.

"Usaboole," anatero amayi ake.

Kizito anawauza kuti akapanda kutero pikapuyo izingothimabe, kapena amupatse chivindikiro chabwinocho. A Jesinta anachiyang'ana, anachipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuchibwezera m'thumba la jekete momwe amuna awo anachisiya.

"Tseka ndi chomwecho," anatero. "Lachinayi mbatatesi ndiperekeza ndine."