Nambala ya Pachimbudzi

Nyumba yanga sanaigwetse a khonsolo. Ndinaigwetsa ndine, ndi manja angawa, ndipo ndinaigwetsa mwaluso kuposa mmene anthu ambiri amamangira zawo.

Anabwera mvula itangosiya, anyamata a majekete onyezimira, wina atanyamula chitini cha penti wofiira. Nyumba zonse za mumzere wathu anazilemba chizindikiro chopingasa, pansi pake mawu akuti BOMOA, ndiye kuti gwetsani. Akuti tinamanga pafupi ndi mtsinje. Mtsinje wake ndi ngalande yonunkha yomwe ngakhale bakha amailambalala, ndipo zaka zonsezi msonkho wa nyumba ankalandira osamva fungo.

Lamulo lawo linali lakuti ugwetse wekha mwezi usanathe. Ukadikira katapila wawo, amaphwanya zonse, malata, zitseko, ndi bedi lomwe, kenako amakulipiritsa dizilo amene wamwa pokuphwanyira. Zimenezi sindinachite kumva. Ndinaziona ku Dar es Salaam pamene ndinkasenza matumba padoko, azimayi akutola masupuni m'fumbi.

Mwakipesile, woyandikana nane, ndiye mkulu wa nyumba khumi za kwathu kuno. Amakazinga tchipisi cha mazira pamsewu, ndipo mafuta ake amasintha kamodzi pa Khirisimasi. Anaitanitsa msonkhano.

"Mzee Ambokile, sonkhani nanunso, tipeze loya."

"Loya wake uti? Mlamu wako uja wa tayi imodzi?"

"Tikhalanso ndi mapemphero Lachisanu."

"Katapila alibe makutu, iwe. Ndinamuonapo."

"Basi khalani ndi nzeru zanuzo, akulu. Ife opusa tisonkha."

Sindinasonkhe. Ndalama ikalowa m'thumba la Mwakipesile imatuluka ili mbatata.

Mkazi wanga Tumpale anandigwira mkono m'mawa umene ndinatsamiritsa makwerero pakhoma.

"Bambo a Lusako, dikirani kaye anzanu ayambe."

"Anzanga ati? Awo akuimba nyimbowo?"

"Nyumba imeneyi ndinaisenzera madzi ine ndili ndi pakati."

"N'chifukwa chake sindikufuna kuti idyedwe ndi chitsulo. Tipulumutse malata ndi njerwa, tikapeza malo tidzamanganso."

Anamanga ziwiya m'chitenje n'kupita kwa mwana wathu Lusako, amene amachita lendi chipinda chimodzi kuseri kwa siteji ya mabasi.

Ndinazula misomali umodziumodzi n'kuiwongola. Malata ndinawatsitsa osapinda ndi limodzi lomwe. Mafelemu a mawindo, zitseko, mitengo ya denga, zonse ndinazisanja. Njerwa zinali zowotcha, zomangira dothi, ndiye zinkachoka bwinobwino. Ndinkazipala ndi chikwanje n'kuziunjika mwadongosolo ngati zogulitsa. Anthu a mumzere ankaima pamsewu kuonerera, akutafuna.

"Mzee, a khonsolo akulembeni ntchito, katapila apumeko!" anakuwa Mwakipesile.

"Useke bwino. Tsiku lako ukadzafuna khasu lofukulira mapoto, usadzabwere kuno."

Mwezi unatha. Katapila sanabwere. Unatha wina. Ine ndinkagona m'kachisakasa ka malata anga omwe, kulondera njerwa. Kenako zipupa za m'tauni zinayamba kudzaza zithunzi za anthu omwetulira ofuna mavoti, ndipo galimoto ya chimkuzamawu inadutsa ikulengeza kuti akuluakulu amva kulira kwa anthu. Nyumba zonse zimene zaimirira zilembedwa m'kaundula, zipatsidwa nambala, nkhani yogwetsa yatha.

Anabwera anyamata omwe aja, majekete omwe aja, koma tsopano ndi penti woyera wofufutira zofiira zija ndi wabuluu wolembera nambala. Ankawatsogolera mtsikana wa magalasi, wa nsapato zosongoka, akuponda mosankha ngati dothi lathu limaluma. Mwakipesile anali pambali pake, atavala malaya a ku tchalitchi.

Atafika panga, mtsikanayo anayang'ana uku ndi uku, n'kundipatsa moni waulemu wopatsa akuluakulu.

"Shikamoo, Mzee. Nyumba ili kuti?"

"Ndi iyo." Ndinaloza mulu wa njerwa.

"Izo ndi zipangizo zomangira. Muli ndi chilolezo chounjika zipangizo poyera?"

"Mwana wanga, munandiuza ndinu kuti ndigwetse."

"Ine ndayamba ntchito mwezi watha. Popanda chilolezo pali chindapusa."

"Chabwino. Mawa ndiyamba kuimanganso, mubwere mudzalembe nambala."

"Kumanga nyumba yatsopano pafupi ndi mtsinje n'koletsedwa."

"Nanga za awa?"

"Izo si zatsopano. Tazipeza zilipo."

"Ndiye amene anamvera lamulo ndi amene walakwa?"

"Ine zimenezo sindingayankhe, Mzee. Malo opanda nyumba amabwerera ku khonsolo."

Ndinaona maso a Mwakipesile akuyeza bwalo langa kuchokera kumsewu mpaka kungalande. Anatsokomola.

"Pangakhale pabwino poimika njinga zamoto apa," anatero. "Anyamata a bodaboda amadya tchipisi kwambiri. Chongotsala n'kuchotsa chimbudzi chawocho."

Mtsikana uja anatembenuka. Kumapeto kwa bwalo kunali chimbudzi changa chokumba, cha njerwa zosweka, chofolera ndi lata ladzimbiri. Sindinachigwetse chifukwa panalibe choti n'kupulumutsapo.

"Chili ndi denga?" anafunsa.

"Mukuliona."

"Chitseko?"

"Chilipo, chotsekera ndi waya."

"Chinamangidwa liti?"

"Iwe usanabadwe."

Anayang'ana anyamata ake. Wina anamunong'oneza, koma ndinamva: abwana akufuna nambala zambiri dera lino chisankho chisanafike. Mtsikanayo anagwedeza mutu.

"Lembani. Nyumba ya chipinda chimodzi."

"Aaa, mayi, chimenecho n'chimbudzi!" anadandaula Mwakipesile.

"Bambo, mukufuna tiyezenso khonde lanu lija lalowa mumsewu?"

Mnyamata wa penti anatsina mphuno ndi dzanja limodzi, linalo n'kulemba nambala yabuluu pachitseko.

Asanachoke, mtsikanayo anandilangiza ngati akundipatsa mphatso. Nyumbayo ndingathe kuikonza, koma osaikulitsa, osaisuntha. Ikagwa, malo apita. Msonkho wake ndi wofanana ndi wa nyumba zina zonse. Ndipo chindapusa cha zipangizo chija chilipobe.

Kuti ndilipire chindapusacho ndinagulitsa malata. Wogula anapezeka msanga, Mwakipesile, pamtengo wa munthu amene akudziwa kuti ulibe kolowera. Wafolera nawo shedi ya makasitomala ake. Njerwa ndinauzidwa kuti ndizichotse, ndipo zili kwa msuweni wa Tumpale, kumene zikuchepa zokha mlungu uliwonse.

Tumpale anabwera kamodzi kudzaona nambalayo. Anaima, manja m'chiuno.

"Ndiye nyumba yathu ndi imeneyi, bambo a Lusako?"

"Ya m'kaundula."

"Mukasesa kuchipinda chochezera mudzandiitane."

Sanabwerenso. Usiku ndimagona pakhonde pa Lusako, mpongozi wanga akuwombetsa mapoto kuti ndidziwe kuti ndachuluka. Kukacha ndimabwera kuno ndi kampando kanga kudzalondera chimbudzicho. Ndachirikiza khoma lakungalande ndi mitengo iwiri, ndamata ming'alu, ndakumba kanjira kopatutsa madzi, pakuti mitambo yayamba kale kuda kumapiri.

Dzenje lake latsala pang'ono kudzaza, ndipo lina sandilola kukumba. Choncho ndinagula loko. Salowamo munthu, ngakhale ine mwini wake. Mimba ikandivuta ndimayenda mpaka kumsika, kuchimbudzi cha khonsolo, n'kulipira mashilingi awo pakhomo.