A Saulos Agula Khadi Ngati Fodya

A Saulos anatuluka mu okushoni ya fodya ku Harare atafufuma ngati finye. Ndalama zinalipo, inde, zokulungidwa mu sokisi mkati mwa jekete, koma ulemu wawo unatsala m'menemo, pa simenti. Munthu wasankha fodya pa purazi ya ku Karoi kuyambira ali mnyamata mpaka imvi kuti mbuu, zala zake zimadziwa tsamba maso asanalione. Chaka chimenechi mwini purazi anawabwereka kamunda kuseri kwa mabalani, iwo n'kulima wawowawo, kuthyola, kuwotcha, kusankha, kudinda mabelo. Ndiye taonani chipongwe! Kabambo kogula fodya, kandevu zowerengeka, kanafika pa belo lawo, kung'amba chiguduli, kupisa dzanja mpaka m'chigongono, kusolola fodya wa pakati, kununkhiza, kuponya pansi, n'kutchula mtengo kakuyenda. Osaima. Osawayang'ana n'komwe kumaso.

"Ababa, zatha zimenezo, tiyeni," anatero Yvonne, mwana wawo wotsiriza, akuwakoka dzanja kuti angagundidwe ndi kombi, minibasi ya m'tauni.

Yvonne ndiye yekha amene anatsala pakhomo. Amayi ake anamwalira kale, ndipo azichimwene ake onse anamezedwa ndi Joni, amangomveka pa foni nthawi ya Khirisimasi, mawu ali patalipatali. Mtsikanayu anali ndi kantchito kake pa komboni ya antchito a pa purazi: ankajambula mavidiyo a maukwati, a ziliza, ndi a gule zilombo zikatuluka pabwalo, n'kumawakonza pa kompyuta yakale yoyendera sola. Koma kompyutayo, abale inu, inali nkhalamba yoposa a Saulos. Ukaipatsa vidiyo ya ukwati, inkalira, kutentha, kutsokomola, mpaka akwatiwo kuyamba kukangana vidiyo isanatuluke. Makasitomala anayamba kuthawira kwa wojambula wina wa m'tauni ya Karoi.

Ndiye tsiku lina Yvonne ananena mosapsatira. Kompyutayo inkafuna kachipangizo kotchedwa girafikisi khadi, kamene kamanyamula ntchito yonse ya zithunzi kuti makina asamatope. Akapanda kukapeza, fodya akangotha kugulitsidwa iye akwera basi ya ku Joni, akachape zovala za anthu. A Saulos ankaopa kutsala okha, ankaopa kwambiri, ngakhale pakamwa ankangoti, "Aaa, pita, ndani akukuletsa?" N'chifukwa chake tsiku limeneli, atachoka ku okushoni, analunjika pakati pa tauni kukagula khadiyo.

Sitoloyo inali kachipinda m'kati mwa chinyumba chodzaza ndi tizipinda tinzake, aliyense akugulitsa mafoni ndi zingwe. Wogulitsa anali Mcloud, mwamuna wa shati yothina ngati yobwereka, wolankhula Chishona chothira Chingelezi chambiri. Yvonne analoza kakhadi kakang'ono kogwirapo kale ntchito, kamene anagwirizana pa foni. Mtengo wake unali wabwinobwino, woti ndalama zambiri zibwerere nawo ku Karoi.

Koma maso a a Saulos anali atakwera kale pa shelefu ya pamwamba. Pamenepo panali chibokosi chakuda, chonyezimira, chokutidwa ndi pulasitiki, chitakhala chokha ngati bwana.

"Nanga icho?"

"Iyo ndi khadinso, mudhara," anayankha Mcloud osatembenuka, akuwatchula mdala m'Chishona. "Koma si yanu iyo."

Eee! Pa mawu onse a pa dziko lapansi, Mcloud anasankha amenewo. A Saulos anakonza chipewa.

"Ndafunsa mtengo, sindinafunse mwini wake."

Mcloud anautchula. A Saulos anaseka, kuyesa nthabwala za anthu a m'tauni, koma ataona kuti akuseka okha anasiya. Mtengo wa chibokosicho unali fodya wawo yense wa chaka chino, kuyambira pa nazale mpaka belo lotsiriza.

"Muli chiyani m'menemo? Ng'ombe?"

"Muli mphamvu, mudhara. Zinthu izi zimapangidwa m'mafakitale owerengeka kutsidya kwa nyanja. Makampani opanga makompyuta oganiza okha aja akuzigula pa malole, anyamata a magemu akulimbirana zotsala, ife kuno timangotola nyenyeswa. Muikepo ndege, muikepo msonkho, muikepo lendi ya kachipinda kano. Mtengo sindiika ine. Ndi msika."

"Msika!" A Saulos anamenya kauntala ndi chikhatho. "M'mawa uno ndikugulitsa, andiuza kuti ndi msika. Masana ano ndikugula, ukundiuza kuti ndi msika. Kodi msika ameneyu amakhala nyumba iti? Undilondolere, ndikufuna ndikamuone nkhope, chifukwa akundidziwa bwino ameneyu, amandimenya mbali zonse ziwiri."

"Ababa, chonde," Yvonne ananong'ona, manyazi atamugwira.

"Iwe khala chete. Mwana iwe wa shati, bweretsa sikelo. Chinthu chilichonse cholungama chimakwera sikelo. Tione kilo imodzi ikugwa zingati."

Mcloud anaseka mpaka kugwira m'mimba. Pofuna kupitiriza sewerolo, anatsitsa chibokosicho n'kuchiika m'manja mwa mkuluyo kuti amve kulemera kwake. A Saulos anachipepesula m'mwamba ndi pansi. Makilo awiri, mwina atatu ndi makatoni omwe. Anayerekeza ndi mabelo awo aja, amene anathyola msana wa amuna anayi powakweza mu lole, ndipo mkwiyo wa m'mawa uja unabwerera wonse.

Apa m'pamene Mcloud analakwitsa. Anatengana ndi Yvonne kupita kuseri kwa katani kukayesa kakhadi kakang'ono kaja pa makina, n'kusiya chibokosi m'manja mwa munthu wa fodya.

Tsono muyenera kudziwa kuti kwa anthu a fodya, chinthu chomata bwino kunja n'chokayikitsa. Alipo alimi akuba amene amayala masamba okongola pamwamba pa belo, pakati n'kubisapo zinyalala, mapesi, ena mpaka njerwa. Wogula wanzeru sakhulupirira chiguduli, amapisa dzanja pakati. A Saulos anaziona zimenezi moyo wawo wonse ali mbali ya wogulitsa, chipewa chili m'manja. Lero, kwa nthawi yoyamba chibadwire, wogula anali iwo, ndalama zili pachifuwa. Anatulutsa kampeni kawo kodulira twaini.

Pulasitiki inati pyee. Zomata za pa chivundikiro anazidula bwinobwino, pakuti ntchito ya mpeni ankaidziwa. Mkati anapeza chithovu chakuda.

"Ehee," anadziyankhula okha. "Zayambika. Theka la belo ndi thovu."

Anachotsa thovulo, kung'amba kathumba konyezimira, n'kusolola chinthucho. Chinali chachitali ngati njerwa ziwiri, cha mafani atatu. Anachinunkhiza. Fungo la sitolo basi, lopanda mafuta, lopanda moyo. Anazunguza mafaniwo ndi chala, n'kusuzumira m'kati: tizitsulo topyapyala tondandalikana, pakati pake mphepo yokhayokha. Panali kapepala komata pa kasikuluwu, kolembedwa tizilembo tosaoneka. Anakamatula ndi chikhadabo kuti aone chimene akubisa. Sanapeze njerwa, zoona, komanso sanapeze chilichonse choti n'kufanana ndi chaka chathunthu cha thukuta la munthu.

Mcloud ndi Yvonne potuluka kuseri kuja anapeza makatoni ali mbwee pansi. A Saulos anaponya khadiyo pa kauntala, osati mwamphamvu, kungoti gwa, monga amachitira ogula. Anakweza chibwano, nayamba kuyenda kulowera ku khomo, osayang'ana munthu kumaso.

"Giredi yapakati. Thovu lachuluka. Madola makumi asanu."

Haa, kukoma kwake! Mapazi anapepuka. Kodi kabambo kaja kamamva chonchi tsiku lililonse? Anayenda mpaka pakhomo pa chinyumbacho, pamene mlonda wa chibonga anawagwira phewa, chifukwa m'mbuyo munali mukumveka kulira.

"Mayo ine! Mayo ine, mwandipha! Agogo inu, mwachita chiyani? Ndikawauza chiyani abwana?"

A Saulos anatembenuka. Amene ankalira Chichewa choyera chonchi anali Mcloud, manja ali kumutu, Chingelezi chonse chitathawa.

"Iwe! Ndiwe wakwathu?"

"Ndine wa ku Banket, pa komboni, bambo anga ndi a thirakitala. Koma zimenezo zikuthandiza chiyani pano? Sitolo si yanga iyi! Mwadula zomata, mwamatula chidindo cha fakitale. Palibenso angaigule ngati yatsopano, ndipo ikafa mawa eni ake sailandira!"

"Nanga ukanagulitsa bwanji chinthu munthu osachiona pakati? Langa belo alitsegula m'mawa uno. Wotsegulayo ndi amene watchula mtengo, ine ndangoti zikomo."

"Kumeneko n'ku fodya, agogo. Kuno wotsegula ndi amene amalipira."

Anthu anali atadzaza pakhomo, ena akujambula ndi mafoni. Abwana a sitolo anayankha pa foni mawu ochepa okha: alipire, apo ayi apolisi. A Saulos anayang'ana Yvonne kuti awathandize kukangana, koma mwanayo anali atagwira pakamwa, maso ali pa khadi ija. Mkuluyo anavula jekete pang'onopang'ono, natulutsa sokisi pamaso pa anthu onsewo. Mcloud, poti ndi mwana wa pa komboni, anachotsako pang'ono pa gawo lake kuti mkuluyo asayende wapansi mpaka ku Karoi. Sokisiyo inabwerera m'jekete ili yopepuka ngati yochapa kumene.

Atatuluka panja, mtima wa a Saulos unayamba kudzitonthoza wokha, monga umachitira mtima wa munthu wouma mutu.

"Komabe ndakugulira yapamwamba," anatero. "Yoposa ya kamnyamata kojambula ka ku Karoi kaja. Mbava ndi mbava, mtengo wake ndi wakuba, koma chinthu tatenga. Tsopano za Joni zatha, eti? Ukaika m'makina ako, maukwati onse a m'mapurazi ndi ako."

Yvonne anaima pambali pa mayi wogulitsa nthochi, chibokosi atachikumbatira.

"Ababa, khadi iyi singayake kwathu."

"Bwanji? Yathyoka? Ndinaiika bwinobwino ine!"

"Siinathyoke. Imadya magetsi ngati chitofu. Kasola kathu kaja sikangathe ngakhale kuidzutsa, ndipo m'kompyuta yanga singalowemo n'komwe, ndi yaikulu. Ija yaing'ono ndinaisankha dala, chifukwa ndi imene ikanagwira ntchito pa komboni."

"Ndiye tibweze!"

"Mwaitsegula, Ababa."

"Tigulitse kwa wina!"

"Atipatsa theka, poti chidindo mwamatula. Fodya wanu apite theka lonse chifukwa cha kapepala? A Mcloud akuti kuseri kuja kuli tebulo ndi makina aakulu opanda khadi, magetsi ake sazima chifukwa chinyumbacho chili ndi jenereta. Akuti ndikaikamo khadi yangayi, tizigawana ntchito. Kumabwera anthu a nyimbo, a malonda, a matchalitchi akuluakulu. Ndikhoza kumagona kwa azakhali a Celestina ku Chitungwiza."

Ankayesetsa kulankhula mwachisoni, mwana wabwino, koma a Saulos anamulera okha, ankamudziwa. Maso ake ankawala. Chikhalire sanalotepo kuti angagwire chinthu chotere ndi manja ake, ndipo tsopano chinali chake. Chimenecho ndicho chinawapweteka koposa mtengo: mwanayo anali wokondwa, ndipo womukondweretsayo anali iwo eni, ndi kampeni kawo.

"Harare si Joni, Ababa. Ndi pafupi. Ndizibwera."

"Azichimwene ako ananenanso choncho."

Anafuna kukalipa, kumulamula kuti akwere basi, koma akanamuuza kuti akatani ku komboni? Akaike chinthu cha fodya wa chaka chonse pa shelefu, pambali pa wailesi yakufa, nkhuku zizichiyang'ana? Anangoti, "Ukawapatse moni azakhali ako. Zovala ndikutumizira pa lole ya Lachisanu."

Yvonne anawaperekeza kokwerera mabasi ku Mbare. Khadi anaikulunga mu juzi yake n'kuiika m'chikwama, ndipo chibokosi chopanda kanthu a Saulos anakana kuchitaya. "Ndalipira ndi thovu lomwe," anatero, nakwera nacho basi ya ku Karoi, kukangana ndi kondakitala amene ankafuna kuchilipiritsa ngati katundu. Basi itanyamuka anaona mwana wawo pawindo akukweza dzanja limodzi, linalo litagwira chikwama mwamphamvu.

Atadutsa Banket, mayi wina wokhala nawo mpando, wa ku purazi yoyandikana nayo, anayang'ana chibokosi chonyezimiracho pamiyendo pawo.

"Koma ndiye fodya wakuyanjani chaka chino, a Saulos! Mwagula chiyani chokongola chonchi?"

"Ndagula zoti mwana wanga asachoke pakhomo."

"Oo, mwachita bwino. Nanga mwanayo ali kuti?"

A Saulos anatsitsa chipewa kumaso, ndipo mayiyo ataona mapewa a mkuluyo akugwedezeka, sanafunsenso kanthu mpaka ku Karoi.