Foda ya a Mandevu

Lachitatu m'mawa ofesi yonse inali kudandaula kuti nkhokwe yosungiramo pulogalamu yawo yalemera. Dzana inkatsika pa kompyuta m'kuphethira kwa diso, lero ikubwera ngati yayenda wapansi. Mayi amene anzake ankamutcha Magalasi, woyang'anira zonse zolowa m'nkhokwemo, anakhala pansi kufufuza.

Sanavutike. Pakati pa mafoda a ntchito panali foda yachilendo yotchedwa "zoyeserera", muli mafayilo makumi anayi ndi awiri a mawu ojambulidwa. Anailowetsa mosadziwa anali a Mandevu, bambo wachikulire wokhala pakona ya kuzenera, katswiri wa maseva, makompyuta akuluakulu a pakampanipo, amene pamsonkhano sankapyola mawu atatu chifukwa cha chibwibwi.

Magalasi anavala mahedifoni n'kutsegula fayilo yoyamba.

"A-a-alendo olemekezeka, ine ndine b-b-bambo ake a mkwatibwi..." Panali kupuma kwakutali, kenako mawu otsika: "Ayi. Tiyambirenso."

Anatsegula ina ya kumapeto. Apa a Mandevu anafika patali, mpaka pa tsiku limene mwana wawo ankaphunzira njinga n'kukagwera m'maluwa a aneba. Pa mawu akuti "mwana wanga" anakakamira kanayi. Magalasi anavula mahedifoni msanga, manyazi atamugwira ngati wasuzumira kuchipinda kwa eni.

Kuchotsa foda si ntchito. Koma nkhokwe siiwala: chimene wachotsa lero chimatsalabe m'mbiri, ndipo wofuna akhoza kubwerera m'mbuyo n'kukachitola. Muofesimo munali anthu a pakamwa poyabwa, oti akangomva zimenezi nthabwala yake siingathe chaka chino.

Anadikira kuti anthu atuluke kukadya, n'kukokera mpando pambali pa bambowo.

"Bambo, foda yanu yoyeserera ija yalowa m'nkhokwe."

A Mandevu anayang'ana pa kompyuta, nkhope n'kugwa. "Mwa-mwamvera?"

"Mafayilo awiri okha. Pepani, ndimafuna kudziwa kuti n'chiyani."

Bambowo anapotokola chivundikiro cha cholembera. "Fu-fufutani zonse. Ndi za pa kompyuta yangayi zomwe. Ku ukwatiko akalankhula mng'ono wanga. Ine ndi-ndikangokhala pansi, ndingakamuchititse manyazi mwana."

"Za m'nkhokwe ndichotsa, ndi m'mbiri momwe," anatero Magalasi. "Koma za pa kompyuta yanu si zanga, sindizikhudza."

Anagwira ntchitoyo limodzi. Anauza nkhokwe kuti isiye kutsatira fodayo koma isaifufute pa kompyuta ya mwini wake, n'kulemba dzina la fodayo pa mndandanda wa zosaloledwa kulowa. Kenako anaipala m'mbiri yonse, a Mandevu akuloza ndi chala pamene mayiyo anaphonya chilembo.

Anthu atabwerako anapeza uthenga: munalowa mafayilo olemera mwangozi, mbiri yakonzedwa, aliyense afufute kope lake atsitse latsopano.

"Anali mafayilo anji?" anafunsa wojambula masamba a pulogalamu, yemwe sikankamudutsa kanthu.

"Olemera," anayankha Magalasi osatembenuka. Anthu anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Poweruka Magalasi anapeza a Mandevu akumudikira pa masitepe, chikwama chili m'khwapa.

"Mayi, kulankhula ndi ma-makina n'kosavuta, sakuyang'ana. Mu-mungandimvere mawa? Munthu mmodzi yekha."

Mawa lake masana anadzitsekera m'chipinda cha misonkhano. Magalasi anakakhala pampando wakumbuyo kwenikweni.

"Kwezani mawu, bambo! Kuno kwakhala azakhali osamva bwino."

A Mandevu anaseka mpaka kutsokomola, n'kuyamba. Anakakamira, anapukuta thukuta, anapitiriza. Mayiyo sanawamalizire liwu ngakhale limodzi. Ankangodikira, manja ali pamiyendo. Anachita zimenezi masiku asanu ndi limodzi.

Lolemba la pambuyo pa ukwati, Magalasi anapeza kachidutswa ka keke patebulo pake, kokulungidwa m'pepala lofewa, kataphwanyika mbali imodzi chifukwa cha m'basi.

"Zinayenda bwanji?" anafunsa, atapita pakona paja.

"Ndi-ndinatenga mphindi khumi ndi imodzi," anatero a Mandevu, maso ali pa kompyuta. "Palibe anatuluka. Mkamwini ndi amene analira, mwana wanga n'kumamubwereka mpango."