Kanyali Kofiira mu Babashopu ya Lumo

Lumo anali atangomaliza kumeta munthu, akukutumula nsalu pakhomo, pamene njinga yamoto inaima pafupi ndi ngalande. Anatsikapo mayi wina wachikwama kumsana. Anavula chipewa chake cholimba chija, n'kuyamba kusuzumira m'babashopumo ngati munthu wofuna nyumba ya lendi.

Munalibe zambiri zoti n'kuona. Munali mpando wozungulira umene unasiya kalekale kuzungulira, galasi lothimbirira m'makona, benchi ya odikira, ndi wailesi imene inkalankhula pokhapokha ukaimenya pamsana. Mwini wakeyo dzina loti Lumo anamupatsa ndi makasitomala, ndipo linamukakamira moti ngakhale apongozi ake ankamuitana lomwelo.

"Takulandirani, mayi. Mwasochera?"

"Ayi, ndafika," anayankha mayiyo. "Ndine namwino. Ndachokera kuchipatala chachikulu chija cha kutsidya kwa tauni."

"Chokwerera maminibasi awiri chija?"

"Chomwecho. Abambo a kuno sitiwaona. Akamafika amakhala atanyamulidwa kale."

Lumo anaseka pang'ono. "Munthu ukapita kumeneko, tsiku lonse limathera pamzere. Ana adya chiyani madzulo?"

"N'chifukwa chake ndabwera ine. Kwathu safika, koma tsitsi likakula, pampando uwu amakhalapo."

Anamwinowo anatulutsa kamakina kokwana m'manja, kolumikizidwa ndi lamba womanga pamkono. Anati kamayeza kuthamanga kwa magazi, matenda amene sapweteka paliponse kufikira tsiku limene munthu amangogwa. Kankaonetsa manambala, ndipo kanali ndi tinyali titatu. Kobiriwira ndiye kuti zili bwino, kachikasu munthu asamale, kofiira aonane ndi anamwino. Kamakinako kazikhala kwa Lumo kuti aziyezera makasitomala, ndipo iwo azibwera Lachinayi lililonse ndi mankhwala.

Lumo anakatembenuza uku ndi uku. "Nanga poti sikabaya, magaziwo kamawaona bwanji?"

"Sikaona. Kamamva. Bwerani."

Anamuveka m'makutu chomvera mtima chija madokotala amakoleka m'khosi, n'kudzimanga okha lamba pamkono. Lambayo atafufuma, Lumo sanamve kanthu. Kenako mpweya utayamba kuphwa, patali ndithu panamveka du, du, du, ngati munthu akugogoda chitseko cha nyumba yachitatu. Kugogodako kunakula, kunachepa, n'kuzimiririka.

"Bwerezaninso," anatero Lumo.

Malamulo ake anali ochepa: munthu akhale kaye phee, mapazi pansi, mkono patebulo, ndipo asalankhule. Lomalizali ndi limene linavuta. Kumuuza mwamuna kuti atseke pakamwa m'babashopu, wailesi ikunena za mpira, kunali ngati kumulanda mkazi.

Poyamba anthu ankakana. Wina anati kamakinako kakayamwa magazi ake. Koma wogulitsa nyama wina, bambo wonenepa amene benchi inkalira akakhalapo, anapinda malaya n'kunena kuti ngati ndi kufa afe lero. Aliyense anayembekeza kofiira. Kanayaka kobiriwira. Atabwera aphunzitsi, munthu woonda ngati ndodo, wosamwa mowa, kanayaka kachikasu.

Apa ndiye Lumo mutu unamuima. Anayamba kuyeza aliyense wolola, uku akumuyang'anitsitsa. Kodi mwina matendawa amagwira a dazi? Anapeza a dazi awiri ofiira, anasangalala, koma wachitatu anatuluka wobiriwira ngati masamba. Anaganiza za imvi, nazonso zinamukana. Anayeza dalaivala wa minibasi atangotha kukangana za penate ya pa mpira, kanyali kanayaka kachikasu. Atamukhazika phee kanthawi, kanabwerera kobiriwira.

"Ndiye kuti timu yako ndi matenda," anatero Lumo, benchi yonse n'kufa nazo.

Lachinayi lililonse anamwino ankapeza mafunso atawunjikana kuposa odwala. Kodi mchere umalowa bwanji m'magazi? Nanga munthu akagona, magazi nawo amagona? Ena ankayankha, ena ankangoti, "Izo nanenso ndikafunse."

Tsiku lina kunabwera mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, amene ankawotcherera zitsulo kuseri kwa msika. Anthu ankamutcha Chitsulo, ndipo sankanama. Geti yoti anyamule anthu awiri iye ankaiponya paphewa yekha. Kuchipatala sanapondeko chibadwire, ndipo ankanena zimenezi monyadira.

"Alamu, ndamva mwasanduka dokotala," anatero akudziponya pampando. "Tayezani kuno. Koma lamba wanuyo akaphulika musandilipiritse."

Lambayo anakwanira movutikira. Kamakina kanalira, kanapuma, kanyali kofiira n'kuyaka. Lumo anamuuza akhale kaye phee, n'kubwereza. Kofiira. Anayesa mkono winawo, kofiira komweko, ndipo manambala ake Lumo anali asanawaonepo pa munthu wina aliyense.

"Mutu sukupweteka, alamu? Maso sakuchita chidima?"

"Ine? Ndadya bwinobwino m'mawa uno. Kawonongeka aka, kakonzetseni."

Atapita, Lumo anaimbira foni anamwino. Iwo anati Chitsulo akangomva mutu kapena dzanzi athamangire naye kuchipatala osadikira, apo ayi aonane naye Lachinayi osalephera. Lumo anakamuuza ku shedi yake. Chitsulo sanazimitse n'komwe moto wowotchererawo.

"Alamu, mlongo wanga ndinakupatsani. Mukufunanso mkono wanga?"

Kunyumba Lumo anauza mkazi wake, amene ankasita mayunifolomu a ana. Mayiyo anaimika simbi. "Achimwene sangapite. Munthu uja amamva chinthu chikamugwira pakhosi."

"Nanga tsitsi adzameta liti?"

"Sanamete lero?"

"Anathawa ndisanayambe."

"Ndiye abweranso. Loweruka lino akukaonekera kwa makolo a mayi uja akufuna kumukwatira. Sangapite ndi thengo limene lija."

Lachinayi m'mawa Chitsulo anatulukiradi, atatumiziridwa uthenga ndi mlongo wake woti masiku enawo Lumo kudzakhala kulibe. Lumo anamukoleka nsalu m'khosi, anapukuta mashini ndi sipiliti, n'kuyamba kumeta mosafulumira. Anameta mbali ya kumanja yonse mpaka kuwala, kuchokera pakhutu kufika pakati pa mutu. Kenako anazimitsa mashini, anaika m'dirowa, n'kukakhala pabenchi.

"Magetsi athima?" anafunsa Chitsulo.

"Alipo."

"Nanga?"

"Mbali inayo ndimeta anamwino akakuonani."

Chitsulo anadziyang'ana pagalasi. Anadzuka ndi nsalu ili m'khosi, anafika pakhomo, anaona amayi ogulitsa tomato kutsidya kwa msewu atayamba kale kukodolana, n'kubwerera. Anatukwana pang'ono, anatchula ng'ombe zimene akanagula akanapanda kukhala ndi mlamu wotere, koma anakhala pansi. Mlongo wake analowa ndi fulasiki ya tiyi ngati wangodutsa, ndipo atangoona mutuwo anatsamira chitseko n'kuseka mpaka misozi.

Anamwino atafika sanaseke, ngakhale milomo inkawanjenjemera. Anamuyeza okha, anamvetsera pachifuwa, anamuyang'ana m'maso ndi katochi.

"Bambo, makolo anu alipo?"

"Anatisiya onse."

"Anadwala chiyani?"

"Abambo sanadwale," anatero Chitsulo. "Anali munthu wamphamvu kuposa ine. Anangogwa akumanga nsapato."

"Amayi anafa mbali imodzi," anawonjezera mlongo wake, kuseka kutatheratu. "Mkono ndi mwendo. Pakamwa panapotoka. Tinkawamwetsa ndi supuni."

Chitsulo anayang'ana mkono wake, umene unali udakali m'lamba.

"Ndiye mukuti n'zomwezi?"

"Sindinawayeze, sindinganene motsimikiza. Koma matendawa amakonda kuyenda m'banja. Kusiyana kwake n'koti inu tawapeza mukuyenda." Anatulutsa kabotolo ka mapiritsi. "Kamodzi m'mawa uliwonse, ngakhale mukumva bwino. Mchere muchepetse. Ndipo ulendo umodzi wokha mubwere kwathu tidzaone impso. Ndidzakudikirani pakhomo, simudzaima pamzere."

Chitsulo anakagwedeza kabotoloko pafupi ndi khutu. "Timbewu timeneti tingagwire munthu ngati ine?"

"Mudzayeze kwa alamu anuwa, mudzaone nokha."

Lumo anali chiimire, mashini ali m'manja osayatsa. Nthawi yonseyi ankafufuza m'madazi ndi m'mimba za anthu, osaganizako zofunsa munthu za bambo ake. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana mkazi wake.

"Amayi, inu ndi alamuwa si mimba imodzi?"

"Mwadziwa lero?"

"Takhalani apa."

Mayiyo anakhala pabenchi, mkono patebulo, fulasiki pambali. Lumo anamanga lamba n'kudina batani. Kamakina kanalira, kanapuma. Kanayaka kachikasu.

"Si zoopsa," anatero anamwino. "Tiziyang'anira. Mwina mankhwala safunika n'komwe."

Mayiyo anamasula lamba yekha, n'kukhala kanthawi akuyang'ana kamakinako. "Ndiye anamwino, ine ndayezedwa chifukwa ndinakwatiwa ndi wometa. Nanga anzanga aja a tomato? Iwowo amameta kuti?"

Anamwino anakanda m'mutu. "Oyembekezera timawayeza kusikelo. Enawo..."

"Akamaliza kubereka ndiye magazi amaima?"

"Ayi ndithu. Kamakina kena ndipempha, koma sindilonjeza kuti kabwera msanga."

"Aka kakwana. Paseri apa pali mtsikana woluka tsitsi. Munthu amakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mutu uli m'manja mwa mnzake, kothawira kulibe. Abambo, m'babashopu muno simukhala anthu m'mawa. Kazikhala uko mpaka masana."

"Kamakina kangaka?" anatero Lumo.

"N'kanu?"

Anamwino anali atanyamula kale chikwama. Amayi awiriwo anatuluka limodzi, wina atanyamula kamakina, wina lamba, akukambirana za mmene angaletsere anthu kulankhula mu saluni. Lumo anawatsatira mpaka pakhomo.

"Mukafunse za makolo awo!" anakuwa. "Ndipo mudzandiuze ngati oluka kwambiri amafiira!"

"Alamu," anaitana Chitsulo ali pampando, akuloza mbali ya mutu imene inatsala. "Loweruka likubweratu."